Mau a Asodzi ndi Malamulo a Nyanja: Kafukufuku wa ku Velondriake, Madagascar

Mau Oyamba

Nkhani ino ifotokoza kafukufuku amene wacitika kucokera m'caka ca 2004 pagombe la kummwera cakumadzulo kwa cisumbu ca Madagascar, kumene akatswiri a zamoyo za m'nyanja, a zacuma ndi a cikhalidwe ca anthu akhala akugwira nchito pamodzi ndi asodzi a mtundu wa Avezo. Wina angafunse kuti nkhani ya nyanja yamcere ifunanji m'magazini ya zilankhulo, makamaka kuno ku Zambia kumene tilibe gombe la nyanja yotere. Cifukwa cake ndi cakuti malamulo osamalira nyanja kumeneko anamangidwa pa mau angapo a Cimalagasi, ndipo kuyenda bwino kapena kuvuta kwa malamulowo kwakhala kukutsata mmene anthu amamvera mauwo. Mauwo ndi vezo, dina, faly ndi filongoa. Akatswiri a maphunziro ena anawapeza ali panjira yao ndipo anawagwiritsa nchito monga anathera, pamene kusanthula mau otere ndi nchito imene ife a zilankhulo tinaiphunzira.

Tiyambe ndi vuto la cilankhulo cathu comwe. M'Cinyanja liu lakuti nyanja limaimira madzi aakulu alionse, kaya ndi Bangweulu, Malawi kapena Indian Ocean. M'nkhani ino tikati nyanja tikunena madzi amcere a pakati pa Madagascar ndi Mozambique, amene amaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku. Ndiponso tilibe dzina la nyama imene nkhani yonse yagonapo, nyama yopanda mafupa, ya miyendo isanu ndi itatu yokhala ndi timakapu tomatirira, imene Aswahili amaicha pweza ndipo Amalagasi amaicha horita. Ife tidzagwiritsa nchito dzina la eni ake, horita.

Avezo ndi cilankhulo cao

Cimalagasi si ca m'banja la Cibantu. Ndi ca m'banja la zilankhulo za Austronesia, ndipo Otto Dahl anaonetsa m'caka ca 1951 kuti m'bale wake wapafupi ndi cilankhulo ca Ma'anyan ca pacisumbu ca Borneo. Komabe wolankhula Cinyanja sangalephere kumva kwao m'mau ena amene Cimalagasi cinabwereka kucokera kumtunda kuno: omby ndi ng'ombe, akoho ndi nkhuku. Cimalagasi ca boma, ca m'masukulu ndi m'mabwalo a milandu, cinakhazikitsidwa pa kalankhulidwe ka Amerina a kumapiri a Antananarivo. Avezo amalankhula mosiyanako. Pamene Amerina ali ndi di, a kugombe la kumadzulo kawirikawiri ali ndi li: vady, mkazi kapena mwamuna wa munthu, amati valy, fady, cinthu cosalidwa mwa mwambo, amati faly. Kusiyana kumeneku kuoneka kwakung'ono, koma m'Cimalagasi ca boma mulinso liu lina lakuti faly lotanthauza wokondwa. Wofufuza amene anaphunzira cilankhuloci m'buku la mau la ku Antananarivo akhoza kulemba cimwemwe pamene mkulu wa pamudzi wanena za coletsedwa.

Dzina lakuti vezo nalonso lili ndi nkhani. Rita Astuti, amene anakhala pakati pa Avezo a kufupi ndi Morondava ndipo anasindikiza buku lake People of the Sea m'caka ca 1995, anafotokoza kuti liuli ndi mneni wolamula wotanthauza kuti palasa bwato. Anaonetsanso kuti kwa eni ake, munthu sakhala Mvezo mwa kubadwa kokha. Amakhala Mvezo mwa zimene acita: kusambira, kusema bwato, kuyendetsa thanga, kudziwa mphepo, kudya za m'nyanja. Mwana wa Mvezo amene wapita kumtunda nagwira khasu amasanduka Masikoro, ndilo dzina la alimi ndi oweta ng'ombe oyandikana nao. Mmasikoro amene watsikira kugombe naphunzira bwato amayamba kuchedwa Mvezo. Apa pali phunziro kwa onse olemba mafunso a kafukufuku. Pepala likafunsa kuti ndinu a mtundu wanji, wofunsa amayembekeza yankho la magazi, pamene woyankha akunena za nchito ya manja ake. Ndipo lamulo louza munthu wotere kuti aleke kusodza pamalo ena limakhudza zoposa mphika wake, pakuti limakhudza cimene iye amadzicha.

Horita ndi msika

Mudzi wa Andavadoaka uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 kumpoto kwa mzinda wa Toliara. Kutsogolo kwake kuli matanthwe a korali amene amaonekera nyanja ikaphwa kwambiri, mwezi ukakhala wathunthu ndiponso ukakhala mumdima. Masiku amenewo amai ndi ana amayenda pamatanthwepo ndi mikondo, kufunafuna horita m'mauna mwake. Amuna amamira m'madzi ozamirapo. Kale horita ankayanikidwa padzuwa ndi kugulitsidwa pang'onopang'ono. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 makampani a ku Toliara anayamba kufika m'midzi ndi madzi oundana, kugula horita wamuwisi womutumiza ku misika ya kunja. Cakudya ca pakhomo cinasanduka ndalama ya tsiku lomwelo, ndipo sipanapite nthawi asodzi anaona kuti horita wayamba kucepa ndi kucepera.

Apa ndi pamene akatswiri a zamoyo anathandiza. Mtundu wa horita wa kumeneko, Octopus cyanea, umakhala ndi moyo caka cimodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo umakula msanga kwambiri. Nyama yotere ikasiyidwa miyezi iwiri kapena itatu yokha imalemera koonekeratu, ndipo ogula amalipira mtengo wokwera pa kilogalamu ya horita wamkulu. Nsomba zambiri za m'matanthwe zimafuna zaka kuti zibwerere. Horita amabweza mphotho mkati mwa nyengo imodzi. Kwa anthu amene amadya zimene agwira tsiku lomwelo, kusiyana kumeneku ndiko kumagamula ngati angavomere kutseka malo kapena ai.

M'mwezi wa Novembala 2004 anthu a ku Andavadoaka, mothandizidwa ndi mabungwe a Blue Ventures ndi Wildlife Conservation Society pamodzi ndi sukulu ya zausodzi ya yunivesite ya Toliara, anatseka matanthwe ozungulira kacisumbu ka mcenga ka Nosy Fasy kwa miyezi isanu ndi iwiri. Potsegula mu Juni 2005 horita anapezeka wamkulu ndithu. Koma mbiri inali itawanda, ndipo tsiku lotsegulira kunafika khamu la asodzi ocokera m'midzi ina, amene sanadzimane kanthu m'miyezi yonseyo. Walira mvula walira matope. Phindu linagawika pa anthu ambiri kotero kuti eni malo aliyense anapeza zocepa kuposa zimene anayembekeza. Nzeru ya zamoyo inali yoona, koma siinali yokwanira payokha. Sophie Benbow ndi anzake, polemba za zimenezi m'caka ca 2014, anaonetsa kuti midzi ikatseka malo angapo nthawi imodzi ndi kutsegula tsiku limodzi, khamu limabalalika ndipo msodzi aliyense amapindula. Motero funso la kakulidwe ka nyama linabala funso la mgwirizano wa midzi. M'caka ca 2005 boma la Madagascar linaika lamulo lotseka usodzi wa horita kudera lonselo kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 31 Januwale caka ciliconse, ndi kuletsa kugwira horita wosakwana magalamu 350. M'caka ca 2006 midzi yoposa makumi awiri inapanga bungwe limodzi loyang'anira dera la nyanja la mahekitala pafupifupi 64,000, nilicha Velondriake, kucokera ku velo, kukhala ndi moyo, ndi riake, nyanja. Tizindikire kuti anasankha riake wa kugombe, osati ranomasina wa Cimalagasi ca boma.

Dina

Bungwelo linafunika lamulo, ndipo linatenga cida cimene Amalagasi anali naco kale. Dina ndi pangano limene msonkhano wa anthu a pamudzi, fokonolona, umagwirizana pagulu, pamodzi ndi cilango ca wolakwira panganolo. Kale madina ambiri ankakhudza kuba ng'ombe, madzi a m'minda ndi nchito za gulu. Boma linapatsa dina malo m'malamulo a zacilengedwe m'caka ca 1996, m'lamulo lodziwika ndi dzina lakuti GELOSE, lopereka kwa anthu a m'midzi mphamvu yosamalira zacilengedwe za kwao. Lamulo lina la 2001 linalongosola njira imene bwalo la milandu limavomerezera dina kuti likhale ndi mphamvu ya boma. Dina la Velondriake linavomerezedwa ndi bwalo. Linaletsa kupha nsomba ndi laro, utomoni waululu wa mtengo wina umene umagwira nchito monga ombwe kapena katupe wa kwathu. Linaletsa makoka okokera kugombe. Ndipo linateteza malo otsekedwa.

Kodi dina tingalimasulire bwanji m'Cinyanja? Tikati lamulo, tapereka cithunzi ca cinthu cocokera pamwamba, ca mfumu kapena ca boma, cimene munthu amamvera poopa. Tikati pangano, tasunga mfundo ya kugwirizana koma tataya cilango. Tikati mwambo, tanama pang'ono, pakuti dina likhoza kupangidwa dzulo. Kuvuta kwa kumasuliraku kukutionetsa kuvuta kwa cinthu ceniceni. Mphamvu ya dina lakale inali m'kalankhulidwe kake: linanenedwa pabwalo, aliyense ali pomwepo, m'cilankhulo ca pamudzi, ndipo wokhala cete anali wavomera pamaso pa anzake. Dina latsopano lili ndi mbali yaciwiri. Limalembedwa papepala, lili ndi ndime zowerengedwa, liyenera kugwirizana ndi malamulo a dziko, ndipo limapita kubwalo kumene zilankhulo za nchito ndi Cimalagasi ca boma ndi Cifalansa. Dzina ndi limodzi, koma zinthu ndi ziwiri. Ofufuza angapo a ku Madagascar anadandaula kuti m'madera ena madina a zacilengedwe analembedwa ndi a mabungwe, anthu a pamudzi nangoitanidwa kudzavomereza, ndipo madina otere anthu sawayesa ao.

Gildas Andriamalala ndi Charlie Gardner anasanthula dina la Velondriake m'caka ca 2010. Anapeza kuti ngakhale anthu anatengako mbali polipanga, kulanga olakwa kunali kovuta, ndipo cimodzi ca zifukwa zazikulu cinali filongoa. Liuli likucokera ku longo, m'bale. Amerina amati fihavanana. Ndi ubale umene umafuna kuti anthu akhale mwamtendere, asacititsane manyazi, asatengerane kubwalo. M'mudzi mmene pafupifupi aliyense ndi longo wa mnzake, ndani adzaimirira pamsonkhano kunena kuti anaona mlamu wake akuthira laro usiku? Wowerenga wa kwathu sadzadabwa nazo. Cibale ndi fupa, siciola, ndipo mlandu wa nsomba umatha pamene mlamu amakhalapobe. Conco mphamvu imene imamanga mudzi kuti ugwirizane pa dina ndi yomweyo imene imamanga manja ake pofuna kulanga. M'malipoti a Cingerezi filongoa kawirikawiri limamasuliridwa ndi mau osonyeza umodzi wa anthu, mau okoma okhaokha, ndipo wopanga ndondomeko wowerenga lipoti lotere ali ku likulu sangaganize kuti umodziwo ndiwo ukubisa wakuba.

Kuti zimenezi si nkhani ya mau cabe, ziwerengero za akatswiri a zacuma zikucitira umboni. Thomas Oliver ndi anzake anasindikiza m'caka ca 2015 kafukufuku wa malo 36 amene anatsekedwa m'zaka zisanu ndi zitatu zoyambirira. Poyerekeza masiku 30 otsatira kutsegula ndi masiku 30 malowo asanatsekedwe, horita wogwidwa pamalopo anawonjezeka ndi 718 peresenti, zogwira za msodzi mmodzi patsiku zinawonjezeka ndi 87 peresenti, ndipo ndalama za horita za mudzi wonse zinawirikiza kupitirira kawiri. M'miyezi yotseka ndalama za midzi sizinatsike moonekera, popeza malo otsekedwa anali gawo cabe la matanthwe onse. Koma pa malo 36 aja, 27 ndiwo anabweza phindu loposa zimene anthu anadzimana, ndipo malo amene anabedwa kwambiri ali otseka ndiwo anacita moipa. Nambala ya 718 ndiyo imachulidwa kawirikawiri m'misonkhano, pomwe siyiyenera kutidabwitsa kwambiri: malo osiyidwa miyezi ingapo nkufikiridwa ndi mudzi wonse tsiku limodzi ayenera kutulutsa zambiri. Imene ifunika kuisinkhasinkha ndi ya malo asanu ndi anai olephera aja, pakuti kusasunga pangano kunayendera limodzi ndi kusapindula kwa malo otsekedwa.

Faly ndi kubwereka mphamvu ya makolo

Pofuna kulimbitsa malamulo, a Velondriake anayesa njira ziwiri, ndipo zonse ziwiri ndi za cilankhulo. Yoyamba inali kampeni ya zaka za 2009 ndi 2010 yochedwa Vezo Aho, kutanthauza kuti ndine Mvezo, imene inafalitsa uthenga wakuti Mvezo weniweni, wodziwa nyanja, sapha nsomba ndi ululu. Poona zimene Astuti analemba, nzeru yake ioneka bwino: ngati Uvezo ndi luso la manja, wothira laro wadzicotsa yekha pa Uvezo, ndipo womudzudzula sakuphwanya filongoa koma akuteteza dzina la onse. Otsogolera kampeniyo analemba kuti kudziwa dina ndi kulanga olakwa kunawonjezeka, ndipo usodzi woononga unacepako ngakhale sunathe.

Njira yaciwiri inakhudza malo otsekedwa kwamuyaya, amene Velondriake inayamba kukhazikitsa pamatanthwe ena ndi m'nkhalango za mitengo ya m'madzi amcere. Kame Westerman ndi Gardner analemba m'caka ca 2013 za miyambo imene akulu a mabanja anacita popereka malowo kwa makolo, kuti anthu awalemekeze monga amalemekezera malo a faly. Dina limalanga ngati wina waona ndi kunena. Faly safuna mboni, popeza olanga ndi mizimu. Ndi mmene nkhalango ya kumanda imakhalira yosadulidwa m'midzi ya Acewa popanda mlonda. Njirayi inathandiza, koma ife tili nayo ndi nkhawa. Faly wa makolo sanaikidwe ndi colinga coculukitsa nsomba. Ali ndi mbiri yake, ya banja lakutilakuti ndi cocitika cakuticakuti. Pamene liu lotere liyamba kumatidwa pa malo osankhidwa ndi mapu ndi miyeso ya asayansi, tanthauzo lake limayamba kusuntha, ndipo likhoza kupepuka m'makutu a ana amene akukula akumva faly wa makolo ndi faly wa bungwe m'mpweya umodzi. Kusuntha kwa tanthauzo kotere kumayezeka: kujambula zolankhula za pamsonkhano caka ndi caka, kuona mau amene amayenda pamodzi ndi liulo, kusiyanitsa kalankhulidwe ka okalamba ndi ka acinyamata. Horita wa ku Velondriake wakhala akuikidwa pasikelo mudzi ndi mudzi kwa zaka zambiri. Mau amene akusunga horitayo ayenera kulondoledwa ndi khama lofananalo.

Palinso funso la amene amalankhula. Westerman ndi Benbow anaonetsa m'caka ca 2013 kuti ngakhale amai ndiwo ambiri mwa ogwira horita, amuna ndiwo ankagamula za malo otseka ndi tsiku lotsegula. Zotsatira zake ndi zogwirika. Mai woyenda pansi amafuna tsiku limene nyanja yaphweratu; mwamuna womira safuna kudikira zimenezo. Ngati dina ndi mau onenedwa pagulu, tiyenera kufunsa kuti pagulupo ndani amapatsidwa mpata, ndani amalankhula pomalizira, ndipo kukhala cete kwa mai pamaso pa apongozi ake kumawerengedwa ngati kuvomera kapena ai. Awa ndi mafunso a kusanthula zokambirana, amene ophunzira athu a caka cacinai amawadziwa bwino.

Kufalikira kwa njirayi

Njira ya Velondriake inafalikira. M'caka ca 2012 midzi yosamalira nyanja ya ku Madagascar inapanga mgwirizano wa MIHARI, umene unayambira ku Andavadoaka komweko, ndipo m'caka ca 2015 Velondriake inalandira cilolezo cokhazikika ca boma monga dera lotetezedwa. Kutseka horita kwa kanthawi kunafika ku Rodrigues, ku Pemba ndi Zanzibar, ndi kugombe la kumpoto kwa Mozambique. Kulikonse kumene kwafika kwafunika liu la komweko. Ku Kenya, kumene anthu a ku Kuruwitu anapatula gawo la nyanja yao m'zaka zomwezo, malo otere amachedwa tengefu, kucokera ku mneni wa Ciswahili kutenga, kupatula. Pangano la maiko la Kunming-Montreal la m'caka ca 2022 likufuna kuti 30 peresenti ya nyanja ikhale yotetezedwa pofika 2030, ndipo likuchula ufulu wa anthu a m'midzi. Mau a panganolo adzatsika kucokera m'zilankhulo za United Nations kufika pabwalo la mudzi, ndipo pa sitepe iliyonse padzakhala womasulira, kawirikawiri wacinyamata wolembedwa ganyu amene dzina lake silioneka m'lipoti.

Aphunzitsi a Cinyanja akhoza kuyesa nkhaniyi pa madzi athu omwe. M'madera ambiri a usodzi a Zambia boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale. Pacisumbu ca Mbenji m'boma la Salima ku Malawi, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Njira zonse ziwiri ndi kutseka, koma imodzi imalengezedwa pawailesi, ina pabwalo la mfumu. Ophunzira apatsidwe mau asanu awa: kuletsa, kutseka, kusunga, kusamala ndi kusala. Kuletsa kumafuna woletsa. Kutseka kumalonjeza kutsegula. Kusunga kumanena za mwini amene adzadya mawa, monga mbeu ya m'nkhokwe, ndipo msodzi akamva kuti nsomba zikusungidwa ali ndi ufulu wofunsa kuti zikusungidwira yani. Kusamala kulibe tsiku loyamba kapena lomaliza. Kusala kumaitana makolo, monga faly. Ophunzirawo asonkhanitse zilengezo za nyengo yotseka, za pawailesi, za pazikwangwani ndi za m'misonkhano ya mafumu, aone mneni amene wasankhidwa pa ciliconse, kenaka afunse asodzi ndi amai ogulitsa nsomba mneni amene iwo amagwiritsa nchito pakati pao.